Mpeni, mphika ndi chiwaya: zolemba za ulendo wa ku Blantyre

Lolemba, kuchokera ku Lilongwe mpaka pa Wenela

Basi yanyamuka dzuwa litakwera kale chifukwa chodikira kuti idzaze. Titangodutsa geti yolipirira magalimoto ya pa Chingeni, anyamata a mbewa anayamba kuoneka m'mbali mwa msewu, pa Manjawira, Senzani, Phalula, mpaka kufupi ndi mlatho wa Zalewa, mipani ili m'mwamba. Nyengo yake ndi ino ya July. Chimanga chakololedwa, mbewa zanenepa ndi zotsalira m'minda, ndipo tchire lambiri lapsa kale ndi moto wa osaka.

Chondibweretsa ku Blantyre ndi chinkhoswe cha mwana wa achemwali ku Machinjiri, Lamulungu likubwerali, ndipo udindo wa ndiwo andipatsa ine. Kuchimuna ndi Ayao a ku Mangochi, Asilamu. Kuchikazi kuli a Seventh Day, a CCAP, Akatolika ndi agogo achingoni ochokera ku Ntcheu. Anthu onsewa ayenera kudya akhute, popanda wina kukankhira mbale kumbali.

Pa Phalula bambo wina wa mpando wakutsogolo kwanga anagula mpani kudzera pawindo. Mayi amene anakhala naye, atavala mpango wachisilamu, anangotembenukira kwina osanena kanthu. Bamboyo anazindikira, anakulunga mpaniwo m'nyuzipepala n'kuulonga pansi pa chikwama. "Pepani mayi, ndikadyera kunyumba." Mayiwo anati, "Zikomo bambo, musavutike." Nkhani inathera pomwepo.

Anthu osadya mbewa amaganiza kuti odyawo amangotola chilichonse cha mchira. Ayi ndithu. Wodya mbewa ali ndi malire ake okhwima. Kapuku wa m'munda ndi ndiwo, koma khoswe wa m'nyumba, amene amayenda kudenga ndi kuchimbudzi, sayandikira mphika. Swiswiri, uja wa mlomo wosongoka ndi fungo, sadyedwa. Tchenzi amamukonda ambiri, pamene bwampini amagawa anthu pakati: ena amadya, ena amati ndi khoswe wamkulu chabe. Kakonzedwe kake, mbewa amazitumbula, kuziwiritsa m'madzi a mchere wambiri ndi ubweya womwe, kenaka kuziyanika padzuwa kapena kuziwamba pamoto. Pogula dinani pamimba. Ngati pali pofewa kapena ponyowa ndiye kuti sizinaume, ndipo pofika mawa zikhala zitachita mphutsi. Funsaninso ngati ndi zokumba kapena za pamsampha, chifukwa mbewa yophedwa ndi temeki imalowetsa poizoniyo mwa woidya.

Tafika pa Wenela kutada, chiperoni chikuwaza. Ndinali ndi mantha ndi chikwama changa m'chipiringu chija, koma mnyamata wina wa kabaza anandiperekeza mpaka pokwerera maminibasi a ku Ndirande, osandilipiritsa.

Lachiwiri, msika wa Ndirande

Matope mpaka m'akakolo, ndipo kuzizira kwalowa m'mafupa. Ndayamba ndi mbuzi chifukwa ndi nyama yomwe pafupifupi mbali zonse zimagwirizana. Pepala la K5,000, lomwe linatuluka mu 2022 tikuliona ngati ndalama yaikulu, lero silikwanira ngakhale kilogalamu imodzi ya nyama ya ng'ombe. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene wamva m'mawa sugona. Kugula mbuzi yamoyo kumatsikirako kusiyana ndi kugula ya pasikelo, komanso umapeza mutu, miyendo ndi zam'kati.

Mbuzi zopachikidwa m'mabutchala ambiri zili ndi kamchira kaubweya kosiyidwa dala. Mkulu wina wogulitsa anakagwira n'kunena kuti, "Bwana, umboni wanga ndi umenewu." Nkhani za anthu ogwidwa akugulitsa nyama ya galu ponamizira mbuzi zinamveka kokwanira m'dziko muno, ndipo galu ndi nyama yomwe Mchewa, Myao, Mngoni, Mlomwe ndi Msena onse amanyansidwa nayo. Choncho yang'anani mchira kapena chiboda, ndiponso chidindo cha alangizi a ziweto pantchafu, chosonyeza kuti nyamayo inayezedwa.

Kwa apongozi athu a ku Mangochi, kuti ndi mbuzi sikokwanira. Funso lawo ndi lakuti wazinga ndani. Msilamu sadya nkhumba, magazi, nyama yofa yokha, yopotoledwa khosi kapena yomenyedwa mpaka kufa, ndipo zimenezi zalembedwa mu Qur'an, Surah 5 ndime 3. Mbewa zija zimagwera komweko. Pozinga, mpeni uyenera kukhala wakuthwa kwambiri, ndipo saunolera pamaso pa chiweto. Amachigoneka moyang'ana ku Makka, komwe kuchokera kuno ndi chakumpoto, wozingayo n'kutchula dzina la Mulungu, Bismillah Allahu Akbar, n'kudula kamodzi kholingo, kummero ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi ya mbali zonse ziwiri. Mutu sauchotseratu nthawi yomweyo. Amadikira magazi atsike mpaka chiweto chitasiya kuphupha. Mpeni wobuntha umachititsa wozinga kucheka kangapo, chiweto chimazunzika, magazi amatsalira m'minofu, ndipo nyama yotero imada n'kuonongeka msanga. Pa ichi Mkhristu ndi Msilamu sangatsutsane.

Ndiye chifukwa chake m'madera ambiri muno, kukakhala ukwati kapena maliro, a mpingo amaitana mnansi wachisilamu kuti adzazinge. Mkhristu sataya kanthu podya nyama yozingidwa ndi Msilamu, pamene zikatembenuka mlendo wako amagona ndi njala. Za m'sitolo, monga nkhuku zoyera za m'mapaketi ndi masoseji, fufuzani chizindikiro cha Halaal, chomwe chimaperekedwa ndi nthambi ya bungwe la Muslim Association of Malawi.

Kawerengedwe kake nkotere. Mbuzi yachikuda yolemera makilogalamu 25 ili moyo imatsala ndi makilogalamu 11 kapena 12 mukachotsa chikopa, mutu, miyendo ndi zam'kati. Mukamagawa magalamu 150 pamunthu, mafupa omwe, imakwana anthu 73 mpaka 80. Nkhuku yachikuda yaikulu imatuluka nthuli 10. Pa alendo 200, mbuzi ziwiri ndi nkhuku 20 zikwana ngati ogawa ali ndi dzanja lodziletsa.

Lachitatu, Limbe

Minibasi ya mu Masauko Chipembere Highway inaima pa Ginnery Corner, pa Chichiri ndi paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Kondakitala anakweza mtengo mvula itangoyamba, ndipo palibe anadandaula mokweza.

Kumbali ya nsomba mu msika wa Limbe fungo limakulonjera usanafike. Milu ya usipa, utaka, matemba a ku Chilwa, makumba, ndi milamba yowamba yopindidwa, yakuda bii ndi utsi. Mlamba ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi chambo, uli ndi mnofu wambiri, ndipo msuzi wake ndi wokoma. Ndinaima pamulu wake nthawi yaitali. Nditafotokoza za alendo athu, mayi wogulitsa anapukusa mutu. "Achimwene, ngati kuli a Sabata uyu musiyeni. Atengereni makumba." Anandiikira ndi banyira ya matemba, ati akalawe ana.

Mayiyo amadziwa malonda ake. A Seventh Day, omwe mishoni yawo ya Malamulo ku Thyolo inayamba mu 1902, amatsata Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14. Nyama ya miyendo inayi iyenera kukhala yogawanika ziboda komanso yobzikula, zonse ziwiri. Nkhumba ili ndi ziboda zogawanika koma sibzikula, ndiye yatuluka. Kalulu ndi mbira zatulukanso. Nsomba iyenera kukhala ndi zipsepse ndi mamba, choncho chambo, makumba, usipa, utaka ndi matemba zili bwino, koma mlamba, kampango, bombe ndi nkholokolo ayi. Pa tizilombo touluka, dzombe ndi ziwala n'zololedwa, pamene ngumbi sizili m'gulu lololedwalo. Bakha ambiri a iwo amamupewa.

Apa ndi pamene ophika ambiri amasokonezeka, poganiza kuti Msilamu ndi wa Sabata ndi amodzi chifukwa onse sadya nkhumba. Msilamu wa ku Mangochi amadya mlamba ndi kampango bwinobwino, ndipo nsomba safuna kuizinga. Kalulu ndi bakha adya ngati zazingidwa moyenera. Wa Sabata sangakhudze zimenezo, koma nkhuku yozingidwa ndi aliyense adya, bola magazi atsike. Mbale imodzi singayankhe onse awiri pokhapokha mutasankha za pakati: mbuzi, ng'ombe, nkhuku ndi nsomba za mamba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno, ndipo mu mzinda ngati uno, momwe anthu a ku Mangochi, Machinga, Thyolo, Mulanje ndi ku Chigwa cha Shire akhalira limodzi, phwando lopanda wosala kanthu n'losowa.

Ngakhale ng'ombe ili ndi oikana. Amwenye achihindu a masitolo a muno mu Limbe sadya ng'ombe, ndipo ambiri sadya nyama iliyonse. Akatolika amasala nyama Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la nyengo ya Lenti. Angoni akale sankadya nsomba, ngakhale zidzukulu zawo lero zimalimbirana mutu wa chambo.

Lachinayi, Mbayani ndi Chirimba

Miyendo yatopa, ndipo lero ndinangofuna kukhala pansi penapake pofunda. Ndinakhala pabenchi pafupi ndi chiwaya cha kapado. Nyama ya nkhumba imayenda malonda kwambiri kuno chifukwa ndi yotsikirapo mtengo, ndipo madzulo anyamata amazungulira chiwaya ndi timitengo tobayira, tsabola ndi mchere zili pambali.

Ndinayang'anitsitsa manja a wokazinga. Chiwaya n'chimodzi, mafuta ali pakati, mbali ina tchipisi, mbali ina kapado, ndipo chipande chomwecho chikuyenda uku ndi uku. Munthu wosala nkhumba akagula tchipisi pamenepo wadya mafuta a nkhumba. Anyamata ena a chiwaya amadziwa zimenezi ndipo amachenjeza okha. Ndinamva wina akuuza kasitomala wovala kofia kuti, "Madala, pitani chiwaya chachitatucho, ndi cha mbuzi yokhayokha." Anataya ndalama koma anachita zaumunthu. Kusala nyama kumathera pa mafuta, mpeni, thabwa lodulira ndi chipande. Kuchotsa nthuli ya nkhumba m'mbale n'kupatsa munthu msuzi wake ndi kumunyoza, ngakhale wochitayo asakudziwa.

Kwa odya kapado pali zoti muone musanagule. Chekani mnofu wa pantchafu, patsaya kapena lilime. Mukaona timatuza toyera tonga njere za mpunga, nyamayo isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Amenewo ndi ana a njoka ya m'mimba ija yaitali yaphanthiphanthi. Nkhumba imawatenga ikamayenda yosakhala m'khola n'kumadya chimbudzi cha anthu. Munthu akadya nyama yotero yosapsa, njokayo imakulira m'matumbo mwake, ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, madzi kapena ndiwo zamasamba, amatha kukakhazikika mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Akuluakulu amene ankaletsa wodwala khunyu kudya nkhumba anaona kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Koma njira yake yeniyeni ndi ya chimbudzi ndi manja, choncho ngakhale wosadya nkhumba akhoza kudwala ngati womuphikira ali ndi njokayo. Nthuli za pachiwaya zikhale zazing'ono, zipse mpaka m'kati musatsale kufiira. Moto wolilima umapsereza kunja m'kati muli mwazi. Kukamveka chigodola cha nkhumba m'dera, nyama imatsika mtengo mwadzidzidzi chifukwa alimi akupha zodwala, ndipo boma limaletsa kuyendetsa ndi kugulitsa nkhumba. Kutsika mtengo kotero kukhale chenjezo.

Pobwerera, mwamuna wina anandinong'oneza za nyama ya m'tchire yowamba, ati gwape. Ndinakana. Nyama yowamba yodulidwadulidwa sudziwa kuti inali chiyani kapena inafa bwanji. Mu 2018 mvuu zambiri zinafa ndi matenda a anthrax ku Liwonde, ndipo matendawa amagwira munthu wosenda kapena kudya nyama yotero. Lamulo la nyama zakutchire, chilikonzereni mu 2017, limafika zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka, njovu ndi chipembere. Makolo nawo anali ndi lamulo lawo pa ngaka: woipeza sankaidya, ankaipereka kwa mfumu.

Lachisanu, Machinjiri

Nkhuku tagula m'mawa. Lachisanu masana mabutchala ndi masitolo ambiri a Asilamu amatseka kuti eni ake akapemphere, choncho wofuna nyama ya halaal afike isanakwane 12 koloko kapena adikire mpaka cha m'ma 2. Tatenga zamoyo, zachikuda. Yang'anani lipombo likhale lofiira, maso owala, kumbuyo kouma. Nkhuku yogwetsa mapiko, yosinza kapena yopinda khosi ili ndi chitopa.

Agogo a ku Ntcheu afika masana, ndipo nditawalonjera ndinawafunsa za kusala kwa m'banja. Safunsa anadya phula. Kusala kwa mfunda kapena chiwongo sikulembedwa pankhope, ndipo mwini wake sanena pagulu. A Moyo sadya mtima wa nyama iliyonse. A Tembo amasala mbidzi, a Soko nyani, a Njovu njovu, a Ngwenya ng'ona. A Nguluwe amasala nguluwe, ndipo ena a iwo amaphatikizapo nkhumba yoweta. A Mbewe ena sadya mbewa. Akulu amati wodya chosala chake amatuluka zilonda pakhungu kapena kuguluka mano. Mbidzi ndi ng'ona sizifika m'mphika wa chinkhoswe, koma mtima umafika. Pophika zam'kati timadula chiwindi, mapapo, mtima ndi nthumbwana mumphika umodzi, ndipo wa Moyo sangadyeko. Agogo anati kuchikazi kuli a Moyo awiri okwatiwa m'banjamo. Mitima ya mbuzi ndi ya nkhuku tiiphika payokha m'kapoto.

Anadandaula za uwende. "Mwana wanga, mbuzi ziwiri zonse magazi atayike?" Kwa Mngoni, magazi ophika pamodzi ndi mafuta ndi tizidutswa ta zam'kati ndiwo ulemu wa nyama. Koma Msilamu sadya magazi, wa Sabata sadya, a Mboni za Yehova nawonso sadya potsata Machitidwe 15 ndime 29. Tagwirizana kuti magazi akwiriridwa m'dzenje, ndipo agogo adzadya uwende wawo kumudzi pa mbuzi ina. Anavomera, koma nthutumba ya nkhuku anati isasowe m'mbale ya nkhoswe yaikulu. Imeneyo si nkhani yosala koma ya ulemu, ndipo nkhuku yopita kwa mlendo wolemekezeka yopanda nthutumba imabweretsa mafunso.

Pali kusala kwina komwe sindikugwirizana nako, ndipo ndanena poyera pakhonde pomwepo. Mtsikana wina woyembekezera m'nyumbamo akumukaniza mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Ena amaletsa amayi apakati mlamba, ena amamana ana aang'ono mazira ati adzakhala akuba. Kusala kwa chipembedzo ndi kwa mfunda munthu amakusenza yekha, ndipo ali ndi ndiwo zina zolowa m'malo. Uku n'kosiyana, chifukwa wosalitsidwayo sanasankhe, ndipo ndi yemwe thupi lake likufunitsitsa chakudya chomanga. Dzira n'lotsika mtengo kuposa nyama iliyonse yomwe ndaona sabata ino. Tsitsi la khanda silichokera ku dzira. Kusikelo ya amayi apakati amalangiza mazira, nsomba, nyemba ndi nyama, ndipo mayi wosowa zimenezi amachepa magazi n'kubereka mwana wochepa sikelo. Azakhali ena anakhala chete, ena anang'ung'udza, koma mtsikanayo wadya dzira lowiritsa madzulo ano.

Loweruka, Machinjiri

Lero m'nyumba ya a Sabata simugwiridwa ntchito mpaka dzuwa litalowa, n'chifukwa chake chinkhoswe chili Lamulungu. Zokonzekera tazisamutsira kwa neba wa CCAP, amene watibwereka bwalo, nkhuni ndi mafuwa osafunsa kanthu. Tulo tandichepera, koma zotsala n'zochepa.

Mbuzi tazimana chakudya kuyambira madzulo ano, madzi okha, kuti matumbo asadzaze n'kuphulika posenda. Asazithamangitse m'mawa, chifukwa nyama ya chiweto chotopa imalimba. Shehe wa kuchimuna afika akatha mapemphero a m'bandakucha, ndi mpeni wake, ndipo azinga mbuzi ndi nkhuku zonse. Osenda amange kummero asanatulutse zam'kati, achotse ndulu mosamala, chifukwa ikaphulikira pachiwindi kuwawa kwake sikuchoka ngakhale mutsuke kangati. Nyama ipachikidwe pamthunzi izizire. Mukaiunjika yotentha m'thumba la pulasitiki kapena m'beseni lovundikira, pofika masana imakhala itayamba fungo.

Miphika yobwereka ndiyo inandidetsa nkhawa, chifukwa yambiri imazungulira m'maphwando momwe mumaphikidwa nkhumba. Akuchimuna abweretsa miphika yawo iwiri, zipande ndi thabwa lodulira. Yathu taikwecha ndi phulusa ndi mchenga, ndipo iphikira nsima, mpunga ndi kabichi. Mafuta ndi atsopano, osatsegula. Nkhumba ndi mlamba sizilowa pabwalo, ndipo anyamata auzidwa kuti wofuna kapado akadyere kumsika. Mowa suthiridwa mu nyama, ndipo thobwa taphika lero kuti lisafike posasa.

Pogawa, mphika uliwonse ukhala ndi mayi mmodzi wodziwa zomwe zili m'katimo, woti akafunsidwa ayankhe zoona, ndipo chipande cha mphika wina chisalowe mwina. Nyemba tiphika ndi tomato, anyezi ndi mafuta okha, popanda msuzi wa nyama kapena timakyubu tokometsera, chifukwa pali mphwake wa mkwati wachirasta ndi amayi awiri a Seventh Day omwe sadya nyama ya mtundu uliwonse. Makilogalamu 10 a nyemba tawaviika kale.